Uthenga wa University of California kwa ophunzira opanda mapepala: mphamvu zake ndi pomwe ukuperewera

Wophunzira amene apolisi a ICE, nthambi ya boma la America yogwira anthu opanda mapepala okhalira m'dzikolo, amugogodera pakhomo safuna mawu omulimbitsa mtima, amafuna kudziwa chochita. Apa University of California imayesetsa.

Mfundo zomwe akuluakulu ake adatulutsa mu 2016 n'zomveka bwino: apolisi a pasukulupo sagwira ntchito yofunafuna anthu opanda mapepala, ndipo mafayilo a ophunzira saperekedwa popanda lamulo lokakamiza. Chofunika kwambiri m'malangizo awo ndi kusiyanitsa zikalata ziwiri. Chosainidwa ndi jaji chili ndi mphamvu yolowera m'malo otsekedwa monga chipinda chogona. Chosainidwa ndi ofesala wa ICE yekha, monga fomu I-200, chilibe mphamvuyo ngati mwini chipinda sanavomere. Wogwira ntchito pasukulu afunse dzina la ofesalayo, aone chikalata, kenako aimbire maloya a yunivesite asanatsegule chitseko kapena fayilo. Zimalakwika pamene mlonda kapena mlembi sanaphunzitsidwe, n'kutsegula chifukwa cha mantha.

Akuluakulu a yunivesite amanenanso poyera kuti malo omwe aliyense amadutsa sangawatseke. Izi n'zowawa koma n'zoona, makamaka chichotsereni mu Januwale 2025 ndondomeko yomwe inkaletsa ICE kugwira anthu m'masukulu. Maloya aulere a UC Immigrant Legal Services Center aliponso, ndipo kupita msanga kumathandiza kuposa kudikira vuto.

Pomwe pakuperewera ndi pa nkhani ya DACA, ndondomeko yoteteza ofika mu America ali ana kuti asathamangitsidwe ndi kuwapatsa chilolezo cha ntchito. Yunivesiteyi idasumira boma mu 2017 pomwe lidafuna kuthetsa DACA, n'kupambana ku Supreme Court mu 2020, ndiye m'pomveka kuti dzinali limatchulidwatchulidwa. Koma DACA imafuna munthu amene wakhala mu America kuyambira pa 15 Juni 2007, ndipo mafomu atsopano adasiya kuvomerezedwa mu 2021. Ambiri olowa chaka choyamba lero alibe DACA, choncho alibenso chilolezo cha ntchito. Iwowa ayenera kumva za lamulo la AB 540 lowalola kulipira fizi ngati nzika za California, ndi za fomu yopemphera thandizo la ndalama za sukulu ya California Dream Act m'malo mwa FAFSA, fomu ya boma lalikulu.

Pa za ntchito, bungwe loyendetsa yunivesiteyi lidaimitsa mu Januwale 2024 ganizo lowalemba ntchito pasukulu poopa malamulo a boma lalikulu. Chifukwa chake adachifotokoza, koma wophunzira wofuna ya lendi adangotsala manja lende.