Ndine msungichuma wa komiti ya alendi ku Manchester

Abale kumudzi mumandifunsa kawirikawiri za nyumba ya khonsolo imene ndikukhala. Kuipeza kunatenga zaka, ndipo ndinayenera kukhala kaye ndi chilolezo chokhazikika, chifukwa amene ali pa viza ya ntchito nyumba zimenezi sapatsidwa. Koma kulowa m'nyumbamo sikunali kutha kwa mavuto.

Chisanu choyamba, khoma la kuchipinda kwa mwana wanga linada bii ndi nkhungu. Ndikapukuta, patatha milungu iwiri yabweranso. Ndikaimba foni kwa eni nyumba ankangoti ndizitsegula mawindo, zovala ndisamayanike m'nyumba. Mu Januwale ku England munthu angayanike kuti? Mwana ankatsokomola usiku wonse. Agogo ena a pansi pathu ndi amene anandikokera ku msonkhano wa komiti ya alendi (anthu okhala m'nyumba za lendi), kuno amati TRA, ndipo kumeneko ndinapeza kuti mabanja ambiri m'mdadada wathu akulira ndi khoma lomweli, aliyense akuganiza kuti ndi yekha.

Amene munakhalapo mu komiti ya mjigo kapena banki mkhonde simungadabwe ndi kayendetsedwe kake. Kuti eni nyumba akuvomerezeni, pamafunika malamulo olembedwa, wapampando, mlembi, msungichuma, akaunti ya ku banki yosainira anthu awiri, ndi msonkhano waukulu chaka chilichonse. Mukatero amakupatsani kandalama ka pachaka. Nkochepa ndithu: kolipirira holo, kusindikiza timapepala toika pansi pa zitseko, tiyi, ndi munthu woyang'anira ana kuti amayi athe kubwera. Chaka chachiwiri anandisankha kukhala msungichuma. Ndimachokera ku ntchito ya usiku yosamalira okalamba, n'kukhala pansi kumata malisiti, chifukwa likasowa limodzi ndalama ya chaka chamawa imachedwa.

Chimene chimandivuta mumtima n'chakuti ndalamayo imachokera kwa anthu omwewo amene tikuwadandaula. Ndinaona ndi maso anga anzathu akutsitsa mawu pamsonkhano poopa kuti thandizo lingaime. N'chifukwa chake ndinaumirira kuti tipemphenso ku National Lottery Community Fund, thumba lothandiza magulu a m'madera, kuti tikhale ndi kena kosadalira landilodi.

Kuno nkhani ya kumvera alendi si yamasewera. Ku Grenfell Tower, nyumba yaitali yosanjikizana ya khonsolo ku London, gulu la anthu okhalamo linachenjeza za ngozi ya moto mu Novembala 2016. Moto unabuka pa 14 Juni 2017, anthu 72 anafa. Ku Rochdale, pafupi ndi kuno, mwana wa zaka ziwiri Awaab Ishak, amene makolo ake anachokera ku Sudan, anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba. Makolowo anadandaula kambirimbiri osamvedwa. Lamulo la 2023 lokhudza nyumba zimenezi lili ndi gawo lotchedwa dzina lake. Nditamva nkhani ya mwanayo ndinakhala m'chipinda cha wanga nthawi yaitali, ndikuyang'ana khomalo.

Ife tinajambula makoma onse, tinalemba kalata imodzi yosainira banja lililonse, n'kunena kuti tikapanda kuyankhidwa tipita kwa Housing Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a alendi. Amisiri anabwera, anapeza kuti madzi amalowera padenga, osati pa zovala zathu. Denga analikonza. Timapepala toitanira anthu ku msonkhano wokambirana za nkhunguyo tinasindikiza ndi kandalama kaja, ndipo lisiti lake ndikadali nalo mu fayilo.