Fulashi, hard drive kapena Google Drive: kope lachiwiri ligone kuti?

Mnzanga wina anataya machaputala atatu a kafukufuku wake tsiku limodzi. Laputopu anamubera m'minibasi, ndipo fulashi imene ankasungamo kope lachiwiri inali m'chikwama chomwecho. Anakhala chete sabata yonse. Chichokereni pamenepo, aliyense wondiuza kuti amasunga mafayilo ndimamufunsa kuti kope linalo lili kuti, nanga analikopera liti komaliza.

Ambirife timadalira fulashi. Ndi yotchipa, sifuna bandulo, ndipo netiweki ivute isavute imagwira ntchito. Vuto lake ndi loti imadikira inuyo kuti mukumbukire. Lolemba mwakopera, Lachiwiri mwatopa, pozindikira mwezi watha. Ndiye mukapita nayo kosindikizitsa mapepala m'tauni, mumabwerako mafoda onse atasanduka ma shortcut chifukwa cha vairasi. Kwa ine fulashi ndi thumba lonyamulira, si nkhokwe ayi.

Hard drive yakunja ndiyo ndimaikonda, makamaka ikayendera limodzi ndi File History ya mu Windows. Mumangoyatsa kamodzi basi. Kuchokera apo imakopera yokha mafayilo amene asintha, ola lililonse, ndipo mukafuna mutha kuiuza kuti izitero mphindi 10 zilizonse. Ubwino wake waukulu ndi woti imakumbukira mmene fayilo inalili dzulo ndi dzana. Tsiku lina ndikulemba maakaunti a shopu ndinafufuta mizere ya miyezi iwiri osazindikira, n'kuseva pamwamba pake, n'kutseka. Madzulo nditaona, mtima unapita phaa! Ndinatsegula File History, ndinabwerera pa kope la m'mawa, mizere yonse ili phee. Fulashi sikanandipulumutsa, chifukwa ndikanakoperamo cholakwika chomwecho. A Mac ali ndi Time Machine, yomwe imagwira ntchito mofananamo. Koma dziwani kuti hard drive imakopera pokhapokha ili yolumikizidwa, sichedwa kufa ikagwa pansi, ndipo wakuba akalowa m'nyumba amanyamula zonse ziwiri.

Apa m'pamene kusunga pa intaneti kumapambanira. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, ngakhale malowo mumagawana ndi Gmail komanso Google Photos. OneDrive imapereka 5 GB, Dropbox 2 GB yokha. Mukaika pulogalamu yake pa kompyuta, fayilo imakwera mukangoiseva, bola netiweki ilipo. Nyumba ipse, laputopu ibedwe, ntchito yanu mukaipeza pa foni. Ambiri amaopa bandulo, ndipo sakulakwa. Komabe chimene chimadya kwambiri ndi kukweza koyamba komanso mavidiyo. Zikalata za Word ndi Excel n'zazing'ono, sizingakusaukitseni. Mavidiyo a chinkhoswe asiyeni pa hard drive.

Chinthu chimodzi chokha musaiwale: mapulogalamuwa amatsanzira chilichonse mwachita. Mukafufuta fayilo pa kompyuta, ukonso imafufutika. Mu Google Drive imakhala m'bini masiku 30, akatha yapita.

Nanga kudzitumizira pa imelo kapena pa WhatsApp? Kumathandiza pa changu, monga magetsi akazima batire ili pafupi kutha. Koma Gmail salola kumata fayilo yoposa 25 MB, ndipo pakapita miyezi mumasokonezeka kuti kope lenileni ndi liti.

Ine ndinasankha ziwiri. Ndili ndi foda imodzi yotchedwa Zofunika, momwe muli maakaunti, makontirakiti ndi masatifiketi, ndipo imeneyo imakwera yokha ku Google Drive. Hard drive ndimailumikiza madzulo alionse ndikafika kunyumba, ndipo siyenda m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Kumayambiriro kwa mwezi ndimasankha fayilo imodzi, n'kuibweza kuchokera mbali zonse ziwiri, n'kuitsegula kuti ndione ngati ilidi yamoyo.