Kiti ya bogi ya malasha ya matabwa 7 mu OO: bodi ndi yabho, nkhani ili pa zilembo

Amene mukumanga layout (kachifanizo kakang'ono ka njanji ndi masitima ake) ya njanji za ku Britain za nthawi ya sitima za nthunzi mukudziwa kale kuti popanda mabogi a malasha layout imaoneka yosakwanira, olo mutakhala ndi injini zokongola bwanji. Malasha ndi amene ankadzadza njanji za kumeneko, ndipo ambiri ankayenda m'mabogi amatabwa omwe sanali a kampani ya njanji ayi, anali a eni migodi, a makampani akuluakulu opikula ndi kugulitsa, komanso a ogulitsa malasha ang'onoang'ono a m'matauni, aliyense atalemba dzina lake m'mbali ndi zilembo zoti munthu awerenge ali kutali. Nde ine ndakhala ndikumanga kiti ya pulasitiki ya bogi yotereyi, ya matabwa 7 osanjikizana m'mbali, yonyamula matani 12, muyezo wa 1923 wa RCH (Railway Clearing House, bungwe lomwe linkaika miyezo ya mabogi), sikelo ya OO (mamilimita 4 pa futi iliyonse), ndipo imabwera ndi pepala lake la ma transfer, zilembo zomata pa bogi. Kampani sindiitchula, sanandilembe ntchito yowatsatsira malonda. Maganizo anga ndi oti gulani, koma musamate dzina lililonse musanatsimikize kuti layout yanu ikuonetsa chaka chanji.

Mupaketi mumapeza mbali ziwiri, mitu iwiri yomwe umodzi uli ndi chitseko, pansi pake, ma solebar (mafelemu aatali a m'mbali pansi pa bogi) omwe ali kale ndi masipuling'i ndi ma axlebox (timabokosi togwira nsonga za ekiselo), mabuleki, mabafa, mawilo achitsulo ndi timabering'i tamkuwa. Chinthu choyamba ndinatenga rula. Bogi yeniyeni ya 1923 inali yotalika mafiti 16 ndi mainchesi 6, pakati pa ma ekiselo panali mafiti 9, ndipo poti OO ndi mamilimita 4 pa futi iliyonse, mukuyenera kupeza mamilimita 66 ndi 36. Zinakwana ndendende. Izi musazione zazing'ono, tonse tinaonapo mabogi akale ogula okonzakonza omwe bodi anachita kuikoka kuti ikwane pa shasi ya mafiti 10 yomwe kampani inali nayo kale m'fakitale, ukaimika pambali pa yolondola imachita kuonekeratu kuti yatalika.

Koma chimene chandigwira mtima ndi mkati mwake. Mizere ya matabwa ilimo, timitu ta mabawuti tilimo, zitsulo zogwira zitseko zilimo, ngakhale tizitseko tiwiri tapansi totayira malasha anatijambula bwinobwino. Wina anena kuti mkati akuona ndani, aaa inu, layout timaiyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo bogi ya malasha theka la moyo wake inkayenda yopanda kanthu kubwerera ku mgodi. Chimene maso amayamba kuona ndi mkatimo. Bogi yokongola kunja koma mkati mosalala see imachotsa chikoka chonse. Popenta musaike penti wa kunja mkati, mkati munkakhala matabwa osapenta, nde ine ndimayamba ndi mtundu wotuwa wosakaniza ndi wakhaki, thabwa lina kuderako lina kuwalako, kenako penti wakuda wosungunula kwambiri kuti alowe m'mizere, pomaliza kafumbi ka malasha m'makona.

Kumanga bodi sikovuta. Timapulasitiki totsalira m'mphepete n'tochepa, kampeni ndi tupa basi zatheka. Makona amakumana bwino bola muyese kaye musanaike guluu, ndipo guluu akhale wamadzimadzi uja, wochepa, pa nsonga ya burashi. Mukachulutsa, mbali zimayamba kupindikira mkati pakapita masiku, pomwe mabogi enieni akakalamba ankafufuma kunja chifukwa cha katundu, nde bola kuika kachidutswa ka thabwa pakati kuti kazikankha mbali zonse ziwiri mpaka guluu aumiretu. Ma solebar yambani kumata limodzi kaye, liume, lowetsani mawilo, kenako linalo, zonsezi bogi itakhala pagalasi kuti muone ngati mawilo onse anayi akugunda pansi. Limodzi likangolendewera ndiye kuti pa mapointi aliwonse, pomwe njanji imapatukira, bogi izigwa. Onaninso mpata wa pakati pa mawilo, mu OO ambiri timaika mamilimita 14.5.

Pa mabuleki ndi pamene kapepala ka malangizo kandikhumudwitsa. Kajambulidwe n'kakang'ono, kosaoneka bwino, ndipo sikakufotokozera chinthu chofunika: bogi yokhala ndi zitseko zapansi sinkakhala ndi chitsulo chodutsa pakati cholumikiza mabuleki a mbali ziwiri, chifukwa chikanatchinga malasha potuluka. Inkakhala ndi mabuleki oima paokha mbali iliyonse, ndi chogwirira chake. Mupaketi muli zidutswa za mitundu yonse iwiri koma sakukuuza kuti iti ndi iti. Komanso timikono tokankha mabuleki tija tili ndi koloza, mukatembenuza ndiye kuti mwamanga bogi yoti munthu akatsitsa chogwirira mabuleki akumasuka m'malo mogwira. Ambiri sangazindikire, zoona, koma ukadziwa diso limangothamangira pompo. Tengani chithunzi cha bogi yeniyeni muchiike patsogolo, muganize kuti chogwirira chikatsika shafiti ikuzungulira kuti, basi.

Tsopano nkhani ya zilembo. Railway Clearing House, yomwe inayamba mu 1842, ndi imene inkaika miyezo ya mabogi a eni akewa, ndipo miyezo yodziwika ndi ya 1887, 1907 ndi 1923. Mabogi a 1923 asanafike anali aafupi, ambiri cha m'mafiti 15 kapena 16, onyamula matani 8 kapena 10, ma axlebox ake a girizi osati oyilo, ndipo mabogi ambiri a mitundu yowala yomwe timaikonda ija, omwe zithunzi zake zinatengedwa ali atsopano ku mafakitale ngati Gloucester Railway Carriage and Wagon Company kapena Charles Roberts wa ku Horbury Junction, ndi a nthawi imeneyo. Pa pepala la ma transfer la mukiti iyi, mayina ena ndi a mabogi aafupi amenewo. Zimachita kuoneka pomata: chilembo chomwe chimayenera kukhala pakati pa chitsulo chopingasa ndi chitseko chikugwera pamwamba pa chitsulo, kapena dzina likuthera pakati kusiya mpata waukulu kumapeto. Zili ngati kuvala jekete ya mng'ono wako, mabatani atseka koma manja akuthera m'zigongono. Olemba zilembo akale ankayala dzina mogwirizana ndi zitsulo za bogi yomwe ali nayo patsogolo, nde dzina likasamutsidwa pa bodi ina limasokonekera. Vutoli si la kiti iyi yokha, mabogi ogula okonzakonza akhala akutuluka chonchi kwa zaka zambiri, bodi imodzi mayina mazana.

Mayina omwe akukwana pa bodi ya 1923 ndi abwino shuwa, zoyera zake n'zoyeradi, sizionetsa penti wapansi, ndipo timalemba tating'ono ta kulemera kwa bogi yopanda kanthu ndi kokabweza ikatsitsidwa timawerengeka. Kumata kwake ndiye kumafuna mtima. Mbali ya bogi si yosalala, pali zitsulo zoimirira, zopingasa, mahinji a chitseko, mabawuti paliponse. Pentani kaye, ikani vanishi wonyezimira, chifukwa pa penti wosanyezimira kafilimu kamasiya mpweya pansi n'kumaoneka mbuu. Ine ndimadula dzina m'zidutswa, chilembo chimodzi kapena ziwiri, kuviika m'madzi ofunda, kutsetserezera pamalo pake ndi burashi, kenako mankhwala ofewetsa ma transfer. Apa manja akhale kutali. Chilembo chimakwinyika ngati chawonongeka, mtima umafuna uchikhudze, chisiyeni, pakapita nthawi chimadzikoka chokha n'kukumbatira bawuti aliyense. Pomwe chadutsa pa mzere wa matabwa, chikauma pititsani nsonga ya mpeni watsopano mumzeremo, bwerezani mankhwala, ndipo chimalowa mpaka kuoneka ngati munthu anachita kulemba ndi burashi pathabwapo. Pomwe chang'ambika pakona ya chitsulo, kadontho ka penti woyera katha nkhani. Komanso n'kosavuta kuchita zonsezi mbali zikadali zogona patebulo, bodi isanamangidwe.

Posankha dzina ganizirani komwe layout yanu ili. Nkhondo yachiwiri isanayambe, bogi ya wogulitsa malasha wamng'ono inkangoyenda pakati pa siteshoni ya kwawo ndi mgodi womwe amagulako, nde ya munthu wa ku Kent simungaiimike pa kasiteshoni ka ku Scotland popanda chifukwa. Ya migodi ngati Denaby ya ku Yorkshire, Bolsover ya ku Derbyshire kapena Parkend ya ku Forest of Dean inkapita komwe kuli makasitomala awo, ya kampani ya migodi ya Ocean inkadzadza njanji za ku South Wales kutsikira kumadoko, pomwe ya makampani akuluakulu ngati Stephenson Clarke ndi Cory inkapezeka madera ambiri. Chitseko cha kumutu nachonso chili ndi tanthauzo, chinali chotulukira malasha akapendeketsa bogi yonse kuti akhuthukire m'sitima yapamadzi ku madoko ngati Cardiff ndi Barry. Wogulitsa wa pa siteshoni yakumudzi ankatsitsa ndi fosholo pa chitseko cha m'mbali, ambiri mabogi awo analibe chitseko cha kumutu. Kiti iyi ikanabwera ndi mutu wachitatu wopanda chitseko ikanathandiza anthu ambiri, koma mulibe.

Pomwe kiti iyi ikuwina kwambiri ndi kwa inu amene layout yanu ndi ya 1939 kupita m'tsogolo. Nkhondo itayamba, boma linatenga mabogi a malashawa n'kuwaika m'gulu limodzi, bogi iliyonse inkapita kulikonse, eni ake ambiri sanawaonenso. Ya matani 12 inakwezedwa kukhala 13. Mu 1948 njanji zitakhala za boma, British Railways inatenga mabogi otere pafupifupi theka la miliyoni n'kuyamba kuwapatsa manambala oyamba ndi P. Kupentanso kunalibe, thabwa likawola ankangoikapo lina losapenta, dzina n'kuduka pakati, nambala yatsopano n'kulembedwa pa kachigamba kakuda kumunsi chakumanzere, mzere woyera wopingasa kuloza kumutu komwe kuli chitseko, ndi timizere tiwiri tooneka ngati V pa chitseko cha m'mbali kusonyeza kuti pansi pali zitseko. Apa ndiye mwamasuka, dzina lililonse lolondola pa bodiyi litha kuima pa siteshoni iliyonse. Kapensulo ka fibreglass kamagwira ntchito yabwino, mumakwecha zilembo motsatira thabwa mpaka zitsale zongooneka patalipatali, matabwa awiri atatu muwapente ngati atsopano, zitsulo dzimbiri. Koma valani magolovesi, timinga take tikalowa m'chala mumva. Mabogi amenewa anapitirira mpaka achitsulo a matani 16 anawalowa m'malo, pofika m'ma 1960 anali akutha.

Bogi ikatha kumangidwa ndi yopepuka zedi ndipo mupaketi mulibe cholemeretsa. Ikakhala kutsogolo kwa sitima yaitali pokhota imakokedwa n'kugwera mkati. Pansi pakati pa mafelemu pali malo oika timapepala ta mtovu osaoneka, chofunika n'choti mabogi onse alemere mofanana. Mtovu wa timipira tating'ono uja musaumate ndi guluu wa PVA, pakapita zaka umafufuma n'kung'amba bogi. Katundu wake ine sindigwiritsa ntchito wapulasitiki, palibe chimene chimafanana ndi malasha enieni. Kulungani kachidutswa m'nsanza, phwanyani ndi hamala, sefani kuti mupatule akuluakulu a m'nyumba ndi ang'onoang'ono a m'mafakitale, yalani pa kathabwa kopyapyala kokwana mkati mwa bogi, donthezani PVA wosungunula ndi madzi ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Mukabisa kawashala kachitsulo pansi pa malasha, maginito amazula katundu yense, bogi ibwerere ku mgodi yopanda kanthu mkati mwake mukuoneka.

Zokolekera, malo oika ma tension lock (zokolekera zomwe zimabwera ndi mabogi okonzakonza) alipo ndipo ndi aang'ono, sakuipitsa. Amene mumakonda tcheni cha maunyolo atatu ngati zenizeni muboole nokha pa headstock (thabwa la kumutu lomwe limagwira mabafa), n'zosavuta, ndipo sitima ikamanyamuka mabogi akukokana imodzi imodzi zimasangalatsa, poti mabogi amenewa analibe mabuleki oyendetsedwa kuchokera ku injini, kumbuyo kunkakhala brake van, bogi ya mabuleki, ndi gadi wake. Musaiwale kuiika, komanso musamathamangitse sitima yotereyi ngati ekisipulesi.

Za mtengo, kiti payokha ndi yotsikirapo kuyerekeza ndi bogi yokonzakonza, koma mukawonjezera penti, vanishi, mankhwala a ma transfer ndi nthawi yanu, kusiyana si kwakukulu kwenikweni. Ngati mukungofuna mabogi awiri atatu owala oti aime pa yadi ya malasha, okonzakonza a makampani ngati Bachmann, Dapol kapena Oxford Rail akukwanirani, ndipo Rapido anatulutsa a muyezo wa 1907 kwa amene layout yanu ndi ya zaka zoyambirira. Layout ya 1923 isanafike kiti iyi isiyeni, bogi yake inali isanabadwe. Koma ngati mukufuna sitima yaitali ya m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, bogi iliyonse nambala yake ndi kutha kwakekwake, gulani angapo nthawi imodzi muzimanga mwa gulu, ndipo mayina omwe sakukwana pa pepala la mupaketi muwasunge, mugule ena kwa ogulitsa ma transfer ngati POWsides kapena HMRS mutayang'ana kaye chithunzi cha bogi yeniyeni.