Tripod yamatabwa pansi pa kamera ya 4x5 ndi 8x10: zimene ndaona poigwiritsa ntchito

Tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) imene ndikuikamba pano ndi yamatabwa a mtengo wotchedwa ash. Miyendo yake ndi ya magawo awiri, ilibe mzati wapakati wokwezera kamera, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 4 musanaike mutu, chipangizo chapamwamba chimene chimagwira kamera n'kumaitembenuza. Nthawi zambiri ndimaikapo kamera ya 4x5, mwa apo ndi apo ya 8x10. Yagwira ntchito pamphepo, pamchenga, m'matope ndi m'nyumba, m'nyengo yachinyezi ndi youma yomwe, moti tsopano ndikuidziwa bwino. Ndine wokhutira nayo, ndipo itati itayike ndingagulenso ya mtundu womwewu. Anthu ambiri akamayamikira tripod zotere amathamangira kutamanda thabwalo. Ine chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mmene miyendo yake inalumikizidwira kumtunda, ndipo ndikufuna amene mukusankha yanu muyambe kuyang'ana pamenepo.

Amene simunagwirepo kamera zazikuluzi mwina mungadabwe kuti timavutikiranji chonchi ndi miyendo. Filimu ya 4x5 (mainchesi 4 kwa 5) ndi pepala limodzi la mamilimita pafupifupi 102 kwa 127, ndipo ya 8x10 imaposa pamenepo kanayi. Lenzi yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pa 4x5 ndi ya 150mm, pa 8x10 ndi ya 300mm. Kuti zapafupi ndi zapatali zonse zioneke bwino timachepetsa bowo la lenzi lolowera kuwala mpaka f/22, f/32, nthawi zina f/45. Kuwala kolowa kumachepa, ndiye shutter, chotsekera kuwala chimene chimatseguka pojambula, imakhala yotsegula theka la sekondi, sekondi yathunthu, kapena kuposa. Dzuwa likapendeka zimanyanya, chifukwa mafilimu ambiri akadutsa sekondi imodzi amafuna nthawi yoposa imene mita yoyezera kuwala yanena. Masekondi 10 a pa mita atha kusanduka 20. Nthawi yonseyo kamera isasunthe ngakhale pang'ono.

Komanso vuto silithera pa shutter. Mukamaliza kusaka fokasi pagalasi lakumbuyo kwa kamera, pomwe chithunzi chimaonekera musanajambule, mutu uli m'nsalu yakuda, m'pamene manja amayamba kugunda kamera: kutseka lenzi, kutchera shutter, kukankha holder (kabokosi kopyapyala kosungira filimu) kuti ilowe kutsogolo kwa galasi molimbana ndi masipuling'i, kenako kusolola kachitseko kake. Zonsezi zimachitika pamene simungathenso kuona pagalasi. Tripod ikapotoka pang'ono n'kusabwerera m'malo mwake, mudzadziwa mutatsuka kale filimu, m'mphepete mwa chithunzi mutalowa chinthu chimene munachisiya kunja, kapena chimene munachifuna chitaduka.

Apa m'pamene tripod iyi yandikhutiritsa. Mwendo uliwonse uli ndi timatabwa tiwiri takumtunda totalikirana, ndipo thabwa lakumunsi limayenda pakati pa tiwirito. Pamene mwendo wakumana ndi chitsulo chapamwamba, timatabwato tatambasuka pafupifupi kukula kwa chikhatho, ndipo tagwidwa ndi bawuti yopingasa mbali zonse ziwiri. Kutambasuka kumeneku n'kumene kumaletsa tripod kupotoka. Tripod zambiri za mapaipi zimagwira mwendo pamalo opapatiza, ndiye ngakhale zimanyamula katundu wolemera kuchokera pamwamba, zimagonja mukazikankha cham'mbali, ndipo holder imalowera cham'mbali momwemo. Poyesa, imikani tripod, mugwire pamwamba pake ndi manja awiri, mupotoze ngati mukutsegula chivundikiro cha botolo. Iyi sisuntha. Ndikalowetsa holder ya 8x10, yomwe imafuna kamphamvu, n'kuichotsanso, chithunzi ndimachipeza pomwe ndinachisiya pagalasi. Kwa ine chimenechi chokha chalipira ndalama zimene ndinapereka.

Za thabwalo, zimene anthu amanena n'zoona. Limameza kunjenjemera msanga. Ndinayesa mosavuta: diso pa kagalasi kokulitsira, fokasi pa chinthu chaching'ono chakutali, kenako kugogoda mwendo ndi chala. Pa tripod ya aluminiyamu imene ndinali nayo kale, chithunzi chinkapitiriza kunjenjemera kwa kanthawi. Pa iyi chimagwedezeka kamodzi basi n'kukhala bata. Kuzizira sikuivutanso, mumaigwira ndi manja opanda magolovesi m'mamawa osamva kuwawa, ndipo padzuwa sitentha. Koma ndinene mosabisa kuti tripod yabwino ya carbon fibre (ulusi wa kaboni wolimba koma wopepuka), ya mapaipi onenepa, nayonso imakhazikika msanga, ndipo ndi yopepuka. Thabwa si mankhwala a zonse. Chimene limapambana nacho n'chakuti kulemera kwake kumathandiza pamene kamera yaikulu yakhala pamwamba, chifukwa miyendo yopepuka pansi pa kamera ya makilogalamu 5 kapena 6 imachititsa kuti zonse zilemere kumtunda, ndipo kukoka nsalu yakuda mosasamala kutha kugwetsa zonse.

Mphepo ndiye nkhani ina. Mvukuto wa kamera, gawo lopindapinda lija pakati pa lenzi ndi galasi, umakola mphepo kwambiri ukatambasuka. Mukafuna kujambula chinthu kuti chituluke pafilimu kukula kwake kwenikweni, mvukuto umatalika kuwirikiza kawiri mamilimita olembedwa pa lenzi: mamilimita 300 pa lenzi ya 150mm, 600 pa ya 300mm. Pamenepo nthawi yotsegula shutter imawirikizanso kanayi. Palibe tripod ingaletse mvukuto wotere kugwedezeka mphepo ikamaomba. Iyi imagwira thupi la kamera bwino, koma ndimaimabe kumbali kumene mphepo ikuchokera, kapena kutchinga ndi ambulera yogwira pamanja osaikhudzitsa ku kamera, n'kudikira kuti kuchite bata ndisanadine chingwe cha shutter.

Magawo awiri a miyendo ndinawasankha dala. Pamfundo iliyonse m'pamene kugwedera kumayambira, ndiye mfundo zikachepa mavuto amachepanso, ndipo kuimika kumafulumira: zomangira zitatu zokha. Mzati wapakati sindinaufune chifukwa ukakwezedwa kamera yonse imatsamira pa ndodo imodzi. Ngati mukuopa kuti tripod yopanda mzati ikhala yaifupi, kumbukirani kuti mutu ndi kamera zimawonjezera msinkhu. Pakati pa galasi pamakhala masentimita 25 kapena kuposa pamwamba pa tripod. Ya masentimita 150 imandikwanira ndithu, ndipo nthawi zambiri sindiitambasula yonse, kupatula pamalo otsetsereka pamene mwendo umodzi uyenera kutsika kwambiri.

Mutu wa tripod muuganizire limodzi ndi miyendo, osati pambuyo pake. Miyendo yolimba chonchi imakhala yopanda phindu ngati mwaikapo mutu wofooka. Mutu wa mpira, womwe umayenda mbali zonse mukangomasula, sugwirizana ndi kamera zimenezi. Mukafuna kukonza mbali imodzi, inayo imathawa, ndipo kamera yolemera itha kugwa chamutu manja anu ali m'nsalu. Ine ndimagwiritsa ntchito mutu wa zogwirira zitatu, chilichonse choyendetsa mbali yake, wokhala ndi mbale yotakata yoti pansi pa kamera pakhazikike ponse. Ena amakonda wa magiya, womwe umayenda pang'onopang'ono mukamapotoza, ndipo pojambula nyumba ndi wabwino zedi. Ndikaika 8x10 pamalo osalala, nthawi zina mutu ndimauchotseratu, kamera n'kuimanga pa tripod penipeni, levulo n'kuipeza posuntha miyendo. Zimatenga nthawi, koma kukhazikika kwake n'kosayerekezeka.

Musaiwale za bawuti. Kamera ndi mitu zimagwiritsa ntchito mazinga a mitundu iwiri, a 1/4 inchi ndi a 3/8 inchi. Yanga inabwera ndi ya 3/8, yomwe ndi yoyenera katundu wolemera. Kamera yanu ikakhala ndi bowo la 1/4 lokha, funsani musanagule ngati bawutiyo imasinthika. Ena amagula tripod zamatabwa za oyeza malo poona kuti n'zolimba komanso zosaboola m'thumba. N'zolimbadi, koma bawuti yake ndi ya 5/8 inchi, ndiye pamafunika cholumikizira.

Kunsi kwa miyendo kuli zisonga zachitsulo zokhala ndi zovala za labala. Panthaka, paudzu ndi pamchenga ndimavula labalayo n'kupondereza mwendo uliwonse kuti uzike. Udzu wokhuthala ndi wonyenga, tripod imaoneka ngati yakhazikika pamene ikuyandama pamwamba, ndiye kuponderezako n'kofunika. M'madzi osaya ndimaiimika mopanda mantha, popeza mulibe mapaipi oti madzi ndi mchenga zilowemo n'kukakamira. Ndikafika kunyumba ndimangotsuka ndi madzi oyera, kupukuta, n'kuisiya yotambasula pamthunzi. Mwendo umodzi ndimaulozetsa kutsogolo, kunsi kwa lenzi, kuti ine ndiime pakati pa iwiri yakumbuyo osaipunthwa ndili m'nsalu.

Zovuta zake zilipo, ndipo si zazing'ono. Choyamba ndi kulemera. Makilogalamu 4 a miyendo, kuphatikiza mutu, kamera, malenzi awiri kapena atatu ndi maholder, ndi katundu weniweni. Pafupi ndi galimoto palibe vuto, koma ulendo wokwera phiri tsiku lonse phewa limadandaula. Ikapindidwa imatalikabe pafupifupi mita imodzi, moti m'sutikesi wamba silowa, ndipo kuimangirira pachikwama chakumsana kumachititsa kuti izikola nthambi. Ndimainyamula paphewa ndi lamba wotakata. Kuyenda nayo kamera ili pamwamba ndimapewa, chifukwa bawuti imodzi ndi imene imakhala ikusenza zonse.

Chachiwiri, thabwa limamva nyengo. Kukachita chinyezi kwa masiku angapo, thabwa lakumunsi limatupa pang'ono n'kumayenda mokakamira. Kukauma, mabawuti akumtunda amalefuka, mwendo n'kumagwa wokha mukanyamula. Zimakonzeka ndi sipanala yaing'ono, yomwe tsopano imakhala m'chikwama nthawi zonse, komanso kupaka phula pang'ono pamene matabwa amakhudzana. Mafuta a makina musapake pamenepo, amakola fumbi ndipo mwendo utha kutsetsereka ngakhale mwamanga. Musamangitsenso mopitirira, chitsulo chimadinda thabwa n'kusiya chibowo chimene sichibwerera.

Chachitatu chinandidetsa nkhawa kwambiri: miyendo ya iyi ilibe potsekera kuti isatambasuke kupitirira. Panthaka zimenezi n'zabwino, chifukwa mwendo uliwonse mumauika pamene mwafuna, ngakhale pamwala wokwera. Koma pasimenti yosalala kapena pamatailosi, miyendo itha kuthawa yonse kamera n'kutsikira pansi. Ndinamangirira katcheni kolumikiza miyendo itatuyo chapakati, ndipo vutolo linatha. Ndikanakonda opanga akanamaika katcheni kotere m'bokosi. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya m'nyumba, sankhani yokhala ndi potsekera. Vanishi nayenso wakalika msanga kunsi kwa miyendo, ndipo nditaiimika m'madzi amchere kabawuti kamodzi kanayamba dzimbiri. Thabwalo silinasinthe, koma zitsulo zake zimafuna kutsukidwa tsiku lomwelo.

Mayina amene mudzakumane nawo mukamafufuza ndi ochepa. Berlebach ya ku Mulda, m'chigawo cha Saxony ku Germany, inayamba mu 1898 ndipo imapanga tripod zake ndi ash, thabwa lomwenso amapangira mipini ya zida chifukwa limapirira kugunda. Ries ya ku America imadziwika ndi matabwa a maple, ndipo ojambula a 8x10 ndi kamera zoposa pamenepo akhala akuidalira kwa zaka zambiri. Pamsika wa zogwiritsidwapo kale ntchito mumapezekanso za Zone VI, kampani ya Fred Picker ya ku Vermont. Yanga si ya makampani atatuwa, koma kapangidwe kake ka miyendo n'kofanana. Yakale musaiope, chifukwa tripod yamatabwa imakonzeka: mwendo wothyoka kalipentala waluso atha kusema wina, bawuti yotha mazinga imasinthidwa. Muyang'ane ming'alu pafupi ndi mabowo a mabawuti, muone ngati thabwa lakumunsi silinapindike, ndipo chitsulo chapamwamba chikhale chopanda mng'alu uliwonse, popeza chimenecho ndicho chovuta kupeza china.

Kwa amene muli ndi kamera yopepuka ya 4x5, ya makilogalamu awiri kapena kucheperapo, ndipo mumayenda mitunda italiitali wapansi, iyi ikulemetsani pachabe. Pali zamatabwa zing'onozing'ono, kapena carbon fibre. Koma ngati muli ndi 5x7, 8x10, kamera ya panjanji (yomwe lenzi ndi galasi zimayenda pa kanjanji kamodzi), kapena mumakonda malenzi aatali ndi kujambula zinthu pafupi, ndikuilimbikitsa ndi mtima wonse. Nambala ya makilogalamu imene ogulitsa amalemba kuti tripod imanyamula musaidalire kwambiri, chifukwa kampani iliyonse imayeza mwa njira yake, ndipo kunyamula katundu osagwa n'kosiyana ndi kuugwira osagwedezeka. Ngati n'kotheka, pitani ndi kamera yanu, muike lenzi yanu yaitali koposa, mutambasule mvukuto mpaka pomalizira, mulowetse holder n'kuichotsa, kenako mubwerere pagalasi ndi kagalasi kokulitsira mukaone ngati chithunzi chasuntha.