Ma valve a rediyeta oyendera foni atagwira ntchito nyengo yozizira yonse

Nyumba yathu ku Leeds, ku England, ndi imodzi mwa nyumba zakale zogundizana zija, za makoma a njerwa opanda mpata pakati. Vuto lake linali lakuti chipinda chochezera chinkatentha msanga pamene chipinda cha ana cham'mwamba chinkakhala chozizira usiku wonse, chifukwa thermostat, kachipangizo koyeza kutentha kwa m'nyumba, inali imodzi yokha, pansi, ndipo ikangofika pa madigiri amene tinaika, boiler, makina otenthetsa madzi ofunditsira nyumba, inkazima kumwamba kusanafunde.

Nyengo yozizira isanayambe tinaika ma valve oyendera mabatire, amene timawaikira nthawi ndi kutentha kudzera pa foni, pa rediyeta iliyonse (chitsulo chodutsamo madzi otentha chofunditsa chipinda) kupatula ya kubafa, imene tinaisiya yotsegula kuti madzi azikhala ndi podutsa ena onse akatseka. Pa nkhani ya nthawi agwira ntchito bwino ndithu: zipinda zogona zimayamba kufunda madzulo, ndipo masana sitiwononganso gasi m'zipinda mopanda anthu.

Komabe kusiyana kwa kutentha sikunathe ndi ma valve okha, ndipo izi ndi zimene otsatsa malonda sanena kawirikawiri. Valve imatha kutseka njira ya madzi, koma singakankhire madzi ku rediyeta imene sakufikako mokwanira. Madzi otentha amadutsa kumene kuli kosavuta, choncho ma rediyeta oyandikana ndi boiler ankalandira ochuluka, a kutali n'kumangofunda pang'ono. Pulambala anatulutsa mpweya umene unali m'kati mwa ma rediyeta, kenako anachita zimene amati balancing, kutanthauza kuchepetsa pang'onopang'ono valve ya mbali inayo, ya lockshield, pa ma rediyeta apafupi mpaka madzi anayamba kufika konse. Chipinda cha ana chinasintha tsiku lomwelo. Anatsitsanso kutentha kwa madzi ochoka mu boiler kufika pa madigiri 60, pakuti boiler ya condensing, imene imagwiritsanso ntchito kutentha kwa utsi wake, imasunga gasi ngati madzi obwerera ali pansi pa madigiri pafupifupi 55.

Zodandaulitsa zilipo. Kachipangizo koyeza kutentha kali pa valve pomwepo, pafupi ndi chitsulo chotentha, motero kamaonetsa madigiri okwera kuposa mmene chipinda chilili, ndipo m'chipinda cha ana tinachita kugula choyezera china cha pakhoma. Kamota ka m'kati kamalira pang'ono potsegula ndi potseka, zimene munthu wosachedwa kudzidzimuka kutulo amazimva. Chipinda chimodzi chaching'ono chikamafuna kutentha chokha, boiler imayaka ndi kuzima pafupipafupi.

Chipinda cha alendo chikakhala chozizira kwa nthawi yaitali, khoma lakunja limachita chinyezi ndipo kuseri kwa kabati kumamera chuku. Tsopano sitichilola kutsika pansi pa madigiri 16, pamene zipinda zokhalamo anthu timazisunga pa 18 kapena kuposerapo, monga mmene a zaumoyo kuno amalangizira.