Njinga yopalasa m'nyumba, patatha chaka: pedulo lakumanzere landitopetsa

Pedulo lakumanzere lagwanso sabata ino, ndipo alamu anga a ku Domwe akufuna kugula njinga ngati yomweyi, ndiye ndati ndilembe pano aliyense amve.

Ndinaigula mu mzinda wa Tete, pa sitolo ina ya katundu wakale wochokera ku Joni, pa mameticais 15,000. Mwini sitolo anawonjezerapo zitsulo ziwiri zonyamula za makilo 5 ngati basela. Chinandiguliritsa ndi BP. Anamwino kuno ku Ulongwe anandipeza nayo yopitirira 140/90, nandiuza kuti pambali pa mankhwala ndi kuchepetsa mchere, thupi lizituluka thukuta.

Chishalo sichipweteka. Siidya magetsi a Credelec. Kamakina kowerenga mphindi kakugwirabe ntchito. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera opumitsa befu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, mulingo woti ukhoza kuyankhula koma osatha kuimba. Ndi matope a dzinja komanso chisanu cha Juni kuno ku Angónia, mphindi zimenezi ndimazikwanitsa chifukwa njinga ili pabalaza. BP inatsikako, osati kwambiri, koma anamwino anaona kusintha. Mankhwala ndikumwabe.

Tsono pedulolo. Vuto lili pa mkono wake, pamene umalowa mu chitsulo chapakati. Bowo lake ndi la makona anayi, ndipo njinga inabwera litadyeka kale. Umamanga bawuti, umapalasa masiku angapo, kenako umamva kuti gwede gwede, mwendo ukupita pambali. Ukapitiriza kupalasa chogwedera choncho, bowo limankira kukula. Wokonza njinga wa kumsika anaikamo kachidutswa ka chitini, kanagwira mwezi umodzi. Wowotcherera anakana, akuti akawotcherera ndiye tsiku lofuna kusintha mabeyaringi tidzachita kudula ndi sowo. Mkono wa njinga wamba tinauyesa, sukwana. Ndalama zoyendera kwa amisiri zokha zikanagula matumba a feteleza.

Chodabwitsa n'chakuti basela uja ndi amene wandipindulira. Masiku amene njinga yafa ndimatenga zitsulozo, kukhala ndi kudzuka pampando nditazigwira, kuzikweza m'mwamba, kuzikokera m'chiuno nditawerama. WHO yomweyo imati minofu izilimbitsidwa masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Mawondo amene ankalira ndikamadzuka pamphasa anasiya, ndipo thumba la mbatatesi ndimalikweza pangolo popanda kuitana mwana. Minofu imachepa munthu akamakula, mafupa nawo amafooka, ndipo kunyamula zolemera kumachedwetsa zonsezi. Minofu ndiyonso imayamwa shuga wambiri m'magazi, nkhani yofunika kwa ife amene nsima timadya mitanda itatu. Chenjezo limodzi kwa a BP: musamabanike mpweya ponyamula, tulutsani mpweya pamene mukukweza, apo ayi magazi amathamanga kwambiri nthawi yomweyo.

Koma zitsulo sizilowa m'malo mwa kupalasa. Njinga ikakhala milungu iwiri yakufa, chitunda cha kumunda chimandiuza, mpweya umatha msanga ngakhale miyendo ili ndi mphamvu. Mtima umafuna zake, minofu zake.

Tsiku limene ikuyenda bwino ndimaikonda njingayi. Lero ayi. Mwini sitolo analonjeza kuti mkono watsopano ubwera ndi lole yotsatira. Pa WhatsApp ankayankha kuti "mawa bwana", pano amangowerenga n'kukhala chete. Kukwera chapa (minibasi) mpaka ku Tete kukakangana naye ndi ndalama zinanso.

Alamu, ngati mwaiumirira, gwedezani mapedulo onse awiri ndi manja musanapereke kobiri, ndipo mkono wapadera autulutse pomwepo muuone. Akakana, sungani ndalama zanu. Njinga yanu yakapalasa ija ndi kuyenda ndawala m'mawa zikupatsani mphindi 150 zomwezo, ndipo zitini ziwiri zothira simenti zilowa m'malo mwa zitsulo. Ine mkono uja ukafika mwezi uno ndidzati 15,000 sinapite pachabe. Ukapanda kufika, njinga ndigulitsa theka la mtengo, zitsulo nditsala nazo.