Bluebook ndi Khan Academy pokonzekera SAT: mmene zakhalira patatha miyezi 8

Kuyambira mu Malichi 2023, ophunzira a kunja kwa America amalemba SAT, mayeso olowera m'mayunivesite a ku America, pa kompyuta, ndipo pafupifupi aliyense amakonzekera ndi zida ziwiri zaulere: pulogalamu ya Bluebook ya College Board (bungwe lokonza SAT), yomwe mayeso enieni amalembedweramo, ndi maphunziro a pa intaneti a Khan Academy. Tazigwiritsa ntchito miyezi 8. Zonse ndi zothandiza, koma ambiri amaiwononga Bluebook m'mwezi woyamba.

Mayeso oyeserera a mu Bluebook ndi ochepa, ndipo ndi okhawo amene amafanana ndendende ndi mayeso enieni. Ukawalemba onse motsatizana, umayamba kukumbukira mayankho. Malikisi amakwera pa sikirini koma m'mutu mulibe chasintha. Lembani amodzi poyamba kuti mudziwe pamene muli, kenako amodzi pakatha milungu itatu kapena inayi, mutakhala pansi maola 2 ndi mphindi 14, kupuma mphindi 10 zokha pakati, foni ili kutali.

Chimene chimakweza malikisi ndi ntchito ya tsiku lotsatira. Gulani kope. Funso lililonse limene mwalakwa, lembani mtundu wake ndi chifukwa chake: simunadziwe lamulo, munawerenga mothamanga, kapena nthawi inatha. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana. Mukatero pitani ku Student Question Bank ya College Board mukasankhe mafunso a mtundu womwewo, 15 kapena 20 patsiku.

Kapangidwe ka mayeso nkofunika kukadziwa. Reading and Writing ili ndi zigawo ziwiri, chilichonse mafunso 27 pa mphindi 32. Masamu nawo zigawo ziwiri, mafunso 22 pa mphindi 35. Mmene mwachitira m'chigawo choyamba ndi mmene chachiwiri chimakhalira: mukakhoza bwino mumapatsidwa chovuta, chomwe ndicho chimafikitsa pafupi ndi 800, malikisi apamwamba kwambiri a Reading and Writing kapena a masamu. Wolakwa mafunso osavuta m'chigawo choyamba chifukwa cha phuma wadzitsekera yekha chitseko. Ndipo musasiye funso losayankha, sachotsa malikisi mukalakwa.

Khan Academy yatikhutiritsa pa masamu oyambira ndi galamala. Amene wachita bwino masamu a MSCE kapena IGCSE sapeza zachilendo zambiri; chimene chimamugwetsa ndi Chingerezi cha funso, komanso ma mile, ma feet ndi ma gallon. Algebra ndi Advanced Math ndizo zimatenga mafunso ambiri, choncho yambirani pamenepo. Koma mukadutsa 700, mafunso a Khan Academy amayamba kuchepa mphamvu, ndipo muyenera kusamukira ku mafunso ovuta a mu Question Bank. Makanema ake amadyanso bandulo. Werengani zolembedwa, kanema muonere pokhapo pamene zakukanikani.

Desmos, kalikuleta yojambula magirafu yomwe ili mkati mwa Bluebook, ndiyo imabweza msanga nthawi imene mwaikapo. Ma equation awiri ofuna yankho limodzi, ingowalembani muone pamene mizere yakumana. Koma ena amafika poidalira ngakhale pa funso losavuta, nthawi nkumatha akutayipa.

Kumbali ya Chingerezi, galamala imakwera msanga chifukwa malamulo ake ndi owerengeka: semicolon, colon, dash, kugwirizana kwa mneni ndi mwininkhani, ndi mawu olumikiza ziganizo monga however. Mafunso amenewa amabwera chakumapeto kwa chigawo, ndiye ambiri zimawayendera akayambira kumeneko nkubwerera koyambirira. Pamene pamauma ndi mawu ovuta ndi ndime za sayansi kapena ndakatulo zakale. Ndimezo ndi zazifupi, mawu 25 mpaka 150, koma zothinana. Apa Bluebook kapena Khan Academy sizingakupulumutseni; pamafunika kuwerenga Chingerezi cholemera mphindi 30 tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, ndipo malikisi amatha kuima malo amodzi nthawi yaitali asanasunthe.

Bluebook simagwira pa foni. Imafuna laputopu ya Windows kapena Mac, iPad, kapena Chromebook ya sukulu. Batire likhale lotha maola atatu. Laputopu yodalira soketi kuno kwathu kothimathima magetsi ndi tsoka lodziitanira. Ngati mulibe, College Board imabwereketsa, koma mupemphe kukadali masiku 30. Malizani exam setup, kukonzekeretsa Bluebook tsiku la mayeso lisanafike, masiku asanu omaliza kuti tikiti yolowera mayeso ituluke, ndipo dzina limene munalembetsa lifanane ndi la pa chiphaso chanu.

Kodi nkoyenerabe kuvutikira? Yunivesite ya MIT ku America inabwezeretsa lamulo lofuna SAT kapena ACT (mayeso ena a mtundu womwewo) mu 2022, ndipo mayunivesite a Dartmouth, Brown ndi Harvard analengeza zomwezo mu 2024. Mayunivesite ambiri amatenga malikisi apamwamba a gawo lililonse, Chingerezi ndi masamu, kuchokera masiku osiyana, choncho konzani zolemba kawiri, kachiwiriko mutalimbikira gawo limene linatsalira. Lamulo la yunivesite imene mukufuna lioneni pa tsamba lake musanalipire ulendo wachiwiri.